Asewere Anga ndi Chinsomba cha mu Columbia

Tsiku limene mwana wathu wamkazi Delaney anabwera ndi bwenzi lake Nils kudzatiuza kuti ukwati wawo udzachitika kumayambiriro kwa Okutobala, ine chimwemwe chinandikwera kumutu. Ndinaimirira chakudya chili pakati, foloko ili m'manja, n'kulengeza kuti aliyense wobwera ku ukwatiwo adzadya nsomba ya salimoni ya mumtsinje wa Columbia, yowedzedwa m'boti lathu lomwe.

"Khalani pansi, bambo a Delaney," anatero mkazi wanga Corinne osadzutsa n'komwe mutu. "Anthu adzadzaza holo yonse. Nsombazo mwapangana nazo?"

"Mtsinje uwu ndinadziwana nawo inu musanandidziwe," ndinayankha. "Sungandichititse manyazi."

Seputembala anabwera ndi dzuwa loswa mtengo. Tirigu anakololedwa, mapiri a ku Wasco anauma gwa, koma madzi a mumtsinje anakhalabe ofunda ngati osambira khanda. Salimoni ankakwera ndithu kuchokera kunyanja, ndipo tinkawaona pa kamakina koonera pansi pa madzi ali mbwee kunsi kwa boti, koma pakamwa atatseka ngati anachita kupangana. Ine ndi alamu anga a Merle, achimwene ake a Corinne, amenenso ndi eni boti, tinkalawirira kumtsinje n'kumabwerako ndi nkhope zopserera basi. Sabata ya ukwati itakwana, mufiriji munali salimoni atatu okha, mmodzi mwa iwo wowonda ngati wangochira kumene.

Ndiyeno kunabwera a Berit, mayi ake a Nils, kuchokera kumpoto kwa Minnesota. Tinali tisanaonanepo maso ndi maso. Ndinkangodziwa kuti ndi mayi wamasiye, kuti ankayendetsa basi ya ana a sukulu mpaka kupuma ntchito, komanso kuti nkhani yoti mwana wawo mmodzi yekhayo akhazikike kuno sinawakomere. Anatsika m'galimoto ya Nils, mayi wamfupi, tsitsi loyera mbee lometa mwachimuna, dzanja ili sutikesi, dzanja ilo chipaipi chachitali cha pulasitiki.

"Umo muli chiyani, asewere?" ndinafunsa titapatsana moni. "Mphatso ya akwati?"

"Ndodo yanga yowedzera. Diresi ndingaiwale, koma iyi ayi."

Pa chakudya chamadzulo sanazengereze.

"Lonjezo lanu ndalimva, asewere, ndipo Nils wandionetsa mufiriji. Ndaona kuti aliyense adzalandira kachidutswa ngati ka mgonero wa kutchalitchi."

A Merle anaseka mpaka mbatata inawatsamwa.

"Kwathu nsomba ya paukwati ndi wolayi," a Berit anapitiriza. "Ndamva kuti muno aliponso, akuluakulu kuposa akwathu."

"Wolayi?" ndinatero. "Kansomba ka maso a ng'ala kaja? Kamene ukakakola kamangobwera kokha ngati sokosi yonyowa?"

"Sokosi imeneyo ikakazingidwa, salimoni wanuyo mumapatsa amphaka. Mawa ndikwera nawo botilo."

Ndinayamba kufotokoza za mphepo ya mumtsinje muno, kuti mafunde ake si a tinyanja ta kwawo, koma alamu anga anandidula.

"Alamu, lamulo limapatsa munthu aliyense mlingo wake patsiku. Tikakhala atatu, nsomba zichulukirapo. Chiphaso muli nacho, mayi?"

"Ndagula pafoni tili panjira."

Usiku umenewo kunagwa mvula yozizira, yoyamba chaka chimenecho, ndipo kutacha mpweya unali wina. Unkaluma m'mphuno. Pamene tinkatsitsa boti, nkhungu inali ikufuka pamadzi ndipo atsekwe ankadutsa m'mwamba akulongolola. Titafika pamene mtsinje wa Deschutes umathirira mu Columbia, tinapeza maboti ali ndanda, ochuluka moti munthu akanatha kuwoloka akulumpha kuchoka m'boti ili kupita m'linalo. Tisanazimitse n'komwe injini yaikulu, tinamva mfuwu kumanja, kenako wina kutsogolo. Ndodo zinali zitapindika, anthu akuthamangira maukonde awo a pamtengo.

"Zatsegula pakamwa!" anakuwa a Merle. "Alamu, zatsegula pakamwa! Tsitsani, tsitsani!"

Chifukwa cha phuma, nyambo inandipulumuka kawiri. Tinkakolera ndi mazira a salimoni othira mchere, ofiira psuu, onunkha moti Corinne salola kuti ndilowe m'nyumba ndisanasambe m'manja panja. A Berit ndinawapatsa ndodo yanga ina yolimba, n'kuwauza kuti atsitse mpaka chitsulo chigunde pansi kenako akweze pang'ono. Anagwedeza mutu, n'kumata mazira pambedza mwaluso ngati akuumba makeke.

Woyamba kukola anali a Merle. Nsonga ya ndodo yawo inagwedera pang'ono chabe, iwo n'kuzutsa mwamphamvu, ndipo kagudumu ka chingwe kanalira tswiii. Salimoniyo anathamangira kunsi kwa boti, n'kutulukira mbali ina, n'kuzungulira kumbuyo kufuna kukulunga chingwe pa injini. Alamu anga, munthu wa chimimba chotere, ankazungulira m'botimo ngati mtsikana povina.

"Ukonde, alamu! Mukuonerera chiyani? Ukonde!"

Ndinamuwola atangofika pafupi. Anali salimoni weniweni, wonenepa, msana wamawangamawanga, mbali zonyezimira ngati ndalama yatsopano. Tinakuwa atatu tonse pamodzi. Pasanapite nthawi ndodo yanga nayo inagwada. Ndinalimbana naye mpaka ndinamuona ndi maso, wamkulu kuposa wa a Merle, koma anapukusa mutu kamodzi, mbedza n'kuthothoka. Ndinatulutsa mawu amene sindingawalembe pano.

"Musadandaule, alamu, ndi tsiku lathu ili," anatero a Merle. "Mpaka dzuwa likwere, tidzaza bokosi."

"Asewere," anaitana a Berit mofatsa. "Ndikuganiza kuti ndakola mwala."

Ndinatembenuka. Ndodo yawo inali itapindika mpaka nsonga kukhudza madzi, chingwe chili njo, osagwedera. Ndinayandikira kuti ndiwathandize kuwonjola, ndipo ndili pafupi kugwira ndodoyo, mwalawo unayamba kuyenda. Unkayenda mosapupuluma, ngati ng'ombe imene yakhuta, kulowera pakati pa mtsinje. Kagudumu kanayamba kulira pang'onopang'ono, kenako mokweza.

"Ameneyo si salimoni," anatero a Merle, mawu atasintha.

Chingwe chinayamba kukwera m'mwamba. Patali ngati pamene pamafika mwala woponya, madzi anatupa n'kung'ambika, ndipo munatuluka chinthu chotuwa, chachitali, mphuno yosongoka, mizere ya mafupa kumsana. Chinatuluka, n'kutulukabe, n'kutulukabe, mpaka chinaima ndi mchira pamwamba pa madzi. Chinagwa chagada, khuvuu! Phokoso lake linali ngati wina waponya firiji kuchokera pamlatho.

M'maboti onse munabuka mfuwu.

"Sitajoni!"

"Mayi inu! Mwaona kutalika kwake?"

"Kwezani zingwe, anthu inu, kwezani! Apatseni njira agogowo!"

A Berit maso anali atatuzuka. Miyendo anali ataiponda kukhoma la boti, ndodo ataikanikiza pamimba.

"Chimenecho ndi chiyani?" anafunsa akupuma mwabefu. "Asewere, chimenecho ndi chiyani?"

"Mwini mtsinje," anayankha a Merle akuseka ngati wamisala. "Mwakola mwini mtsinje, mayi!"

Ine ndinayang'ana uku ndi uku. Kumanzere kwathu munthu ankakweza salimoni m'boti. Kutsogolo enanso awiri ankalimbana ndi awo. Ndinali nditadikira m'mawa ngati umenewu mwezi wathunthu.

"Asewere, tamverani," ndinatero. "Sitajoni wamkulu chonchi lamulo silola kumutenga, ngakhale kumutulutsa m'madzi. Tikamutsata, atidyera m'mawa wonse, ndipo pomaliza timutaya. Salimoni akudya panopa. Tidule chingwe."

Ndinali nditatulutsa kale mpeni m'thumba.

"A Harlan," anatero, koyamba kunditchula dzina, osandiyang'ana. "Mukakhudza chingwe ichi, ukwatiwo mukavina nokha."

"Mwamva, alamu? Bwezani kampeni kanuko," anatero a Merle, akutembenuza kale boti.

Tinatuluka pakati pa maboti anzathu anthu akutiimbira m'manja ndi malikhweru. Wina anakuwa kuti tikafika kumzinda wa Portland, kutali kunsi kwa mtsinje, timugulire nyuzipepala. Nsombayo inkatsika ndi madzi, ife pambuyo pake, a Merle akuyendetsa pang'onopang'ono kuti chingwe chisathe pagudumu. Ikaima, a Berit ankakweza ndodo ndi thupi lonse, n'kuitsitsa akukulunga chingwe, n'kukwezanso. Akabweza chingwe chokwana kuyanikapo zovala, nsombayo inkapukusa mchira kamodzi n'kutenga chonsecho, n'kuwonjezanso china.

"Bwera kuno, nkhalamba iwe!" ankailankhula. "Ine ndalimbana ndi ana a sitandade seveni m'basi m'mawa uliwonse. Iwe ndiwe ndani?"

Inalumphanso kachiwiri, pafupi kwambiri moti madzi anatiwaza kumaso, ndipo ndinaona ndevu zake zikulendewera kunsi kwa mphuno. Sindikudziwa nthawi imene ndinasiya kuganiza za salimoni. Ndinangozindikira kuti ndikukuwa kuposa wina aliyense.

"Kwezani, asewere! Musaipatse mpata! Yatembenuka, kulungani, kulungani!"

Dzuwa litabalalitsa nkhungu, nkhope ya a Berit inali itafiira ndipo thukuta linkatsika m'khosi. Mikono yawo inali italema. Anavula chipewa ndi dzanja limodzi n'kuchiponya pansi.

"Asewere, tagwirani pang'ono. Koma ndi yanga, mwamva? Mukungondisungira."

Nditalandira ndodoyo ndinamva ngati ndamangiriridwa ku thirakitala. Ndagwirapo nsomba zambiri mumtsinje muno, asitajoni ang'onoang'ono omwe, koma mphamvu ngati imeneyo ndinali ndisanaimvepo m'mikono mwanga. Inkapukusa mutu pansipo, ine mano n'kumagwedera. Inatikoka mpaka pakati penipeni, m'ngalande yakuya mmene mumadutsa zombo, n'kukakhala pansi, osasunthanso.

Tili pomwepo tinamva hutala.

Kumtunda, pokhota mtsinje, kunatulukira zombo za tirigu zomangidwa pamodzi, zikukankhidwa ndi chiboti cha injini kumbuyo. Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti zimenezi sizikhota ndipo siziima. Woyendetsa ngakhale atafuna bwanji, amaima atadutsa kale pamene unali. Kutsogolo kwake madzi ankachita thovu loyera. Hutala inaliranso, motsatizana, mokalipa.

"Alamu, tili panjira," anatero a Merle. Kuseka kunali kutatha.

Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Nsombayo sinasunthe.

"Alamu!"

A Berit anayang'ana zombozo, n'kuyang'ana chingwe.

"Dulani," anatero. "Asewere, dulani basi. Ndaiona, zakwana. Mpeni uja uli kuti?"

"Ayi."

"Mukuti chiyani?"

"Ndati ayi! Alamu, thamangitsani boti kumbali ya kwathu, koma osati mwamphamvu. Asewere, ndigwireni lamba!"

Ndinamasula kagudumu kuti chingwe chiziyenda chokha. A Merle anaponda moto, boti linadzutsa mphuno, ndipo chingwe chinayamba kuthawa pagudumu mwaliwiro moti chala changa chachikulu chinapsa nditachikhudza. Ndinagona chamimba pakhoma la boti n'kumiza ndodo yonse m'madzi, mikono mpaka m'mapewa, kuti chingwecho chitsike pansi zombo zidutse pamwamba pake. A Berit anandigwira lamba ndi manja onse awiri, miyendo ataiponda pa bokosi la ayisi.

"Munthu wolemera bwanji! Corinne amakudyetsani chiyani?"

"Musandisiye!"

"Chingwe chatsala chochuluka bwanji?" anakuwa a Merle.

Ndinakweza ndodo pang'ono kuti ndione. Chitsulo cha gudumu chinali chitayamba kuonekera.

"Imani! Imani pompa!"

"Sitinatuluke bwinobwino!"

"Pang'ono pokha ndiye! Basi, imani!"

Zombozo zinadutsa ngati khoma la nyumba yosanja, dzimbiri lokhalokha, zikununkha fumbi la tirigu. Injini zake ndinkazimva m'nthiti, kudzera m'madzi. Munthu wina anatuluka pakhonde la chiboti chokankhacho, n'kuloza chala kumutu kwake, kutiuza kuti mitu yathu sikoka. Sitikanamutsutsa. Kenako mafunde ake anatipeza. Loyamba linandimiza mutu wonse, lachiwiri linalowa m'boti n'kukokolola fulasiki ya khofi ndi masangweji a Corinne. Ndinadzuka ndikutsokomola, madzi akutuluka m'mphuno, ndodo idakali m'manja.

Chingwe chinali lende.

Ndinayamba kukulunga, chingwe chikubwera chopepuka, chopanda kanthu. A Merle anavula magalasi awo n'kumawapukuta ndi malaya onyowa. A Berit anakhala pa bokosi la ayisi, manja ali pamaondo.

"Palibe kanthu," anatero. "Mwayesetsa, asewere."

Ndinapitiriza kukulunga, poti chingwe sungachisiye mumtsinje. Ndinakulunga, ndinakulunga, ndipo mwadzidzidzi ndodo inandizuka m'manja n'kugunda khoma la boti.

"Ilipo!" ndinakuwa mawu mpaka kusasa. "Ilipo! Inathawira kuno!"

Phokoso la injini zija linali litaidzutsa pansi paja n'kuithamangitsira mbali yathu. A Berit analumpha ngati mtsikana, n'kundikumbatira khosi, n'kundilanda ndodo nthawi yomweyo. A Merle ankamenya khoma la boti ndi chikhatho ngati ng'oma.

Kuchokera apo nsombayo inali itatopa, ngakhale ifenso tinali chimodzimodzi. Tinkalandirana ndodo, uyu akalema n'kupatsa mnzake, mpaka tinaibweretsa pamadzi osaya pafupi ndi gombe. Pomaliza inali m'manja mwa mwini wake. Choyamba tinaona thovu likukwera, kenako mthunzi wautali, kenako msana. Inayandama m'mbali mwa boti n'kudzigudubuza, mimba yoyera kuyang'ana kumwamba. Mutu unali pafupi ndi mpando wa woyendetsa, mchira kupitirira injini. Munthu wamtali atagona pambali pake, akanatsalirabe ndi mkono wathunthu.

A Merle anavala magolovesi, n'kugwira mlomo wake wofewa uja, n'kukolola mbedza. Kambedza kake kanali kakang'ono ngati chikhadabo. Tinaitembenuza, mutu kuloza kumene madzi akuchokera, kuti ipume.

"Iyi ndi yaikazi," anatero alamu anga motsitsa mawu. "Inabadwa tonsefe tisanabadwe. Mwina ngakhale damu la pamtsinje uno lisanamangidwe."

A Berit anagwada, n'kupinda malaya, n'kuisisita kuyambira pamutu, zala zikudumpha pa mafupa a kumsana.

"Pepani, agogo, takuvutitsani," anatero. Dzanja analisiya pomwepo. "Mukudziwa, asewere, Nils atandiuza kuti sabwereranso kwathu, ndinakhala osamuyankha foni. Ndinkati kumeneko kuli chiyani, fumbi ndi mphepo basi. Mwana wopusa, bwanji sanandiuze kuti kuli zinthu ngati izi?"

Ndisanayankhe, nsombayo inalimbitsa thupi. Mchira unakwera n'kumenya madzi, phwaa, kuwanyowetsa a Berit kuyambira kumutu mpaka m'chiuno. Pamene tinkapukuta m'maso, inali itapita. Anakhala pansi m'madzi a m'botimo akuseka, misozi ndi madzi a mumtsinje zitasakanikirana.

Foni yanga inalira m'kathumba ka pulasitiki. Anali Corinne.

"Zili bwanji kumeneko? Mwapha angati?"

"Mmodzi."

"Mmodzi? Mkazi wa a Dwight, aneba athu aja, akuti amuna awo abwerako kalekale, boti lonse lakwanitsa mlingo. Inu mumatani?"

"Make Delaney, mukanaona! Chinsomba chake kutalika ngati..."

"Chili m'bokosi?"

"Ayi, tachibweza."

Anadula foni.

Tinabwerera pa Deschutes paja koma tinapeza maboti ambiri atapita. Dzuwa linali pamutu, mphepo itayamba, salimoni atatsekanso pakamwa. Tinayesa kwa kanthawi, osamva ngakhale kugogoda. Ukwati unali mkuja, ndipo tsiku lotsatira ndinali nditaletsedwa kale kuyandikira madzi chifukwa kunali konyamula mipando.

A Berit anakokera chipaipi chawo chija pafupi, n'kutsegula chivindikiro.

"A Merle, kodi muno muli pamalo pamene pansi pali timiyala, madzi oyenda pang'onopang'ono? Vuto ndi lakuti ndilibe nyongolotsi."

Alamu anga anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumbali. Kenako anatukula mpando wawo, n'kutulutsa katoni yodzaza ndi dothi lakuda, nyongolotsi zonenepa zikuyendayenda, pamodzi ndi tindodo tiwiri tating'ono.

"Alamu," ndinatero, "zimenezi zikutani m'boti la salimoni?"

"Masiku amene mumaperekeza Corinne kokagula zinthu aja, mumaganiza kuti ndimakhala pakhonde? Pali malo kumtunda kuno, pafupi ndi katauni ka Rufus. Ndimapitako ndekha."

"Zaka zonsezi mumadya wolayi mobisa?"

"Ndi tomato ndi anyezi, alamu. Ndinkaopa pakamwa panupo."

Tinakwera mtsinje boti likudumpha pamafunde, a Berit ataimirira kutsogolo, atagwira chingwe cha nangula ngati wokwera hatchi. Pamalopo panali kuseri kwa kachilumba, mphepo yochepa, mitengo ya m'mbali itasanduka yachikasu. A Merle anasiya boti kuti lizitsetsereka ndi madzi, ndipo tinatsitsa timbedza tathu ta mikanda ndi kachitsulo kozungulira.

"Ukamva ngati mwana akukukoka malaya, usazutse," anandilangiza asewere. "Umupatse kaye ameze."

Mwanayo anandikoka malaya tisanapite patali. Ndinadikira, n'kukweza, ndipo kunabwera wolayi wagolide, minga ya kumsana itaima, maso ake a ng'ala aja akundiyang'ana. A Berit anali kale ndi wawo. A Merle nawonso. Tikafika kumapeto kwa timiyalato tinkabwerera kumtunda n'kuyambiranso, ndipo ulendo uliwonse ukonde sunkauma. Wolayi muno alibe mlingo, umatenga amene mtsinje wakupatsa. Mikono inkawawa moti kukulunga kagudumu kokha kunkandiliza, koma palibe ankafuna kusiya.

"Wina uyu! Ukonde, asewere!"

"Dikirani, nanenso ndili naye!"

"Alamu, ponyani kuno, mukundipondera nsomba!"

Chakumadzulo ndinakola wina amene sanabwere yekha. Anakakamira pansi, n'kutenga chingwe, n'kundizunguliritsa boti lonse. Atatulukira anali wotalika ngati mkono wanga, mimba ngati ya mwana wa nkhumba.

"Sokosi yanu ija, asewere," anatero a Berit akumuwola. "Koma uyu ndi make wa onsewa, wadzaza mazira. Abwerere."

Tinamubweza. Otsalawo anadzaza bokosi la ayisi mpaka chivindikiro kukana kutseka, salimoni wa a Merle ali pansi penipeni.

Titafika kunyumba Corinne anatuluka manja ali m'chiuno, okonzeka kundilandira ndi mawu. Anayang'ana m'bokosimo, n'kuyang'ana ife atatu, onyowa, onunkha mazira a nsomba, tikulankhula nthawi imodzi aliyense akutambasula manja kusonyeza kutalika. Anapukusa mutu n'kubwerera m'nyumba kukatenga mipeni.

Ukwati unachitikira m'holo ya alimi ku Wasco. Salimoni anayi aja ndinawaotcha pa matabwa a mkungudza kuseri kwa holoyo, ndipo aliyense analandira kachidutswa kake, kakang'ono koma kokoma. Pambali panga a Berit, atavala epuloni pamwamba pa diresi labuluu, ankakazinga wolayi m'mafuta otentha atamugudubuza mu nyenyeswa za mabisiketi amchere. Mzere wa kwa iwo unkafika mpaka pakhomo. Ine ndinabwereza katatu, ndikubisala kuseri kwa galimoto.

Vuto linabwera pa nthawi yovina. Kuyambira m'mawa mikono yanga inali itauma ngati matabwa, moti tayi anachita kundimanga Nils. Nyimbo ya bambo ndi mkwatibwi itayamba, Delaney anabwera atatambasula manja, atatchena mochititsa kaso. Ndinayesa kukweza dzanja kuti ndimugwire paphewa. Linafika m'chiuno basi n'kukana.

"Adadi, kwezani dzanja, anthu akujambula," ananong'ona.

"Silikukwera, mwanawe."

Anaseka, n'kunditenga manja onse awiri pansi pomwepo, ndipo tinavina choncho tikugwedezeka ngati ana a sukulu ya mkaka. Nditacheuka ndinaona a Berit akuvina ndi Nils, nawonso mikono ili lende, mutu atautsamiritsa pachifuwa cha mwana wawo. Nyimbo itasintha, Nils anatenga mkazi wake, ife awiri n'kutsala pakati pa bwalo titayang'anana.

"Tivine, asewere?" anafunsa a Berit.

"Bola musandipemphe kuti ndikuzungulitseni."

Tinavina ngati abakha awiri, anthu akufa ndi phwete, a Merle akuimba likhweru kuchokera patebulo la makeke.

"Ndege yanu ndi ya mawa?" ndinafunsa.

"Inali ya mawa. Ndaisintha, ndikhalako sabata ina. Corinne akuti chipinda cha Delaney chilibe munthu." Anandiponda phazi, n'kupepesa, n'kupitiriza. "Akutinso Lolemba akwera nawo boti. Akufuna akaone yekha ngati sitikunama."